Mtsuko Wopakidwa Mafuta

Amuna anga atabwerako ku Joni, m'sutikesi mwawo mudali kachitini ka mafuta a makina ndi kasanza kakuda bii. Nsalu zimene adandigulira zidang'ambika, jekete lawo lidadyedwa ndi njenjete, koma kasanza kaja kadakhala nafe m'nyumba ngati mkazi wachiwiri. Kumgodi ntchito yawo idali yosamala zitsulo zoboolera miyala, ndipo kapitawo wawo adawaphunzitsa kuti chitsulo chikagona chopanda mafuta chimadzuka ndi dzimbiri. Phunziro limeneli adalisunga kuposa katekisimu.

Sindikunena kuti ankanama ayi. Makasu a anzathu ankafiira akakhala chilimwe chonse pakhonde, koma athu ankangoti phuliphuli. Ankayamba ndi kulikwecha khasu pamwala mpaka dzimbiri lonse litachoka, n'kuliika pafupi ndi moto kuti lifunde, n'kudonthezapo mafuta pang'ono. Kenaka ankapukuta ndi kasanza kaja, kupukuta, kupukutabe, mpaka munthu n'kuganiza kuti achotsa onse. Ankati mafuta ooneka ndi maso ndi otaya chabe, ogwira ntchito ndi aja otsalira osaoneka, amene agwirana ndi chitsulo. Akatha ankandiitana, kaya ndili pamtondo kaya ndikusambitsa mwana, kuti ndidzaone. Ankaviika chala m'madzi n'kudontheza pakhasupo. Dontho linkaima lozungulira ngati mkanda, osamwazika, ndipo akapendeketsa khasu linkagubuduka n'kugwa, pakhasu n'kutsala pouma ngati tsamba la nthochi mvula itakata. Ulendo woyamba ndidadabwa zoona. Maulendo enawo ndinkangoti eya, ndaona, bambo.

A m'kachitini atatha, adapempha amayi awo kuti aziwaphikira mafuta a nsatsi. Ndiye kudali kupaka. Nkhwangwa, chikwanje, mpeni, loko wa sutikesi, ndowa, supuni zathu ziwiri. Tsiku lina aphunzitsi adawapeza atakwera pamwala akupaka chitsulo cha njanji chimene tinkaimba ngati belu kutchalitchi. Ine sindinkadandaula. Amuna ena ankabwerako ku Joni ndi mowa ndi nkhonya, anga adabwerako ndi kasanza.

Ine kwathu ndi kumapiri, cha ku Biriwiri, kumene madzi amazizira okha ngakhale uwasiye pabwalo. Adanditenga chitengwa kubwera nane kumudzi kwawo kufupi ndi Manjawira, ndipo kumeneko ndiko ndidadziwira dzuwa. Pochoka kwathu azakhali anga adandiumbira mtsuko wa madzi akumwa. Sudali wokongola, khosi lake lidali lopendekera pang'ono, koma unkadziwa ntchito yake. Ndidauika pangodya ya nyumba, pamchenga, ndipo kunja kwake kunkakhala konyowa nthawi zonse ngati mphumi ya munthu wolima. Mtsuko wa madzi umatero. Timadzi timatuluka pang'onopang'ono m'dongo, mphepo ikamatiumitsa madzi a m'katimo amazizira. Masana, pamene nkhuku zinkayasama pansi pa nkhokwe, madzi a mumtsuko uja ankapweteka mano.

Chaka chimenecho mwana wathu woyamba, wamkazi, adali atangoyamba kuyenda, pamene ndidazindikira kuti ndili ndi pakati pena. Apongozi anga aakazi atamva, adalamula kuti mwana aleke kuyamwa tsiku lomwelo, poti mkaka wa mayi woyembekezera umadwalitsa. Ndidamvera. Koma idali nthawi yoipa yoletsera mwana bere, pakati pa chilimwe, msipu utauma, ng'ombe za m'khola zisakutulutsa mkaka woti n'kudzaza chikho. Mwanayo phala ankangolawa n'kutembenuza nkhope. Chimene ankalandira ndi manja awiri adali madzi a mumtsuko uja basi. Ankayenda dzandidzandi kupita pangodya, n'kumenya mtsuko ndi kadzanja, n'kundiyang'ana. Akamwa, ndiye ankalola timasupuni ta phala. Moyo wake masiku amenewo udatsamira pamenepo, madzi ozizira patsogolo, phala pambuyo.

Tsiku lina m'mawa ndidapita kumsika ku Manjawira kukagula mchere, mwana ali kumbuyo. Pobwerako ndidaona chinthu chikunyezimira pakhonde. Udali mtsuko wanga, wopanda madzi, utadera ngati mphika wa nyemba, ndipo pambali pake padakhala amuna anga, kasanza kali paphewa, nkhope ili mwee.

"Ndakuthandizani, mayi," adatero. "Mtsuko wanuwu umadontha."

"Sudontha, bambo. Umatuluka thukuta."

"Thukuta ndi kudontha komwe. Inu mmene mulilimu muzisenza madzi kuchokera kuchitsime kuja kuti azithera mumchenga?"

Adandifotokozera monyadira kuti adaukhuthula, adauumitsa padzuwa, adaufunditsa pamoto monga amachitira ndi khasu, ndipo adaupaka kunja ndi m'kati momwe kuti pasatsale poti madzi n'kuthawira. Kenaka adaviika chala m'chikho. Dontho lidaima pamimba pa mtsuko, lidagubuduka, lidagwa pansi. Adandiyang'ana kudikira kuti ndiyamikire.

Chimene chidandimanga pakamwa n'chakuti adachita zimenezi pondimvera chisoni. Munthu akakulakwira mwankhanza umadziwa pomuyambira. Koma wokulakwira mwachifundo umamutani? Ndidangomasula mwana kumbuyo, ndidatenga ndowa, ndidapita kuchitsime.

Mawa lake masana mchenga wa pangodya udali wouma, mtsuko wouma, madzi ofunda ngati osambitsira khanda, ndipo ankanunkha nsatsi. Mwana adamenya mtsuko monga mwa masiku onse. Ndidamutungira. Adamwa kamodzi, adalavula, adakankha chikho, n'kuyamba kufunafuna bere m'nsalu yanga. Tsiku limenelo phala sadalikhudze.

Ndidayamba ndi phulusa. Ndidaukwecha mtsuko ndi chitsononkho kunja ndi m'kati, ndidatsukuluza, ndidabwereza ndi mchenga wa kumtsinje mpaka zala zidasupuka. Ndidathiramo madzi owira. Ndidabwerera ku Manjawira kukagula sopo kusitolo ya Asilamu ya m'mbali mwa msewu, ndipo mayi wa m'sitolomo nditamufotokozera chimene ndikukachapa adaseka mpaka adagwira thebulo, nati amuna akasowa chochita ndi bwino kuwapatsa mbuzi aziweta. Sopo uja adathera pamtsuko. Fungo lidachepa, kunyezimira kudatha, chala chikamayenda pamwamba sichinkatereranso. Ukauona unkati wabwerera mwakale. Koma ndikadontheza madzi, dontho linkaimabe chilili, lozungulira, ngati likundiyang'ana.

Amuna anga ankaonerera zonsezi ali pampando. Ndinkayembekeza kuti mwina achita manyazi. M'malo mwake adadzuka, adawerama, adayang'anitsitsa dontho lija, nanena motsitsa mawu ngati munthu amene waona chozizwitsa kuti nanga si adandiuza, ogwira ntchito ndi osaoneka aja. Ngakhale sopo wawalephera. Ndidapuma mpweya wautali n'kukalowa m'nyumba.

Wina angafunse kuti bwanji sindidangopeza mtsuko wina. Ndidayesa. Apongozi anga wawo adausandutsa wofululira mowa kuyambira pamene mwana wawo adawabweretsera ndowa ya malata, ndipo madzi a m'ndowamo masana ankachita ngati tiyi wosathira masamba. Kumsika kudali miphika yokhayokha, yofiira, yowazidwa kale kuti isamatuluke madzi, ndipo ogulitsa adati mitsuko aumba dothi likafewa. Mayi wina wa kuseri kwa mudzi adali ndi mtsuko wabwino, ndipo nditapita ndi mwana kumeneko adamwa chikho chonse osapuma. Koma apongozi atamva adandiitanira kuseri kwa nyumba. Adati mtengwa sayenda ndi chikho m'makomo mwa eni, anthu adzati banja lino lasowa ndi madzi omwe, ndiponso mwana womwera paliponse sudziwa chimene adzamwere tsiku lina. Ndidagwada, ndidati ndamva, amayi.

Ndidakulunga chipanda ndi nsalu yonyowa n'kuchipachika pamphepo. Madzi ake ankazizirako pang'ono, osafika pa a mtsuko, ndipo mwana ankalandira ndi supuni, kawiri katatu, kenaka n'kutseka pakamwa. Adayamba kufooka. Milomo idauma, thewera linkakhala louma kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kuyenda kuja adaleka, ankangofuna kumbuyo. Tsiku lina pomusambitsa ndidaona kuti liwombo lalowa.

Apongozi adati ndi matenda a liwombo, ndipo adasinja mizu yawo n'kumumata mwana pamutu. Pomata ankayang'ana ine, n'kuyang'ana mwana wawo, n'kumang'ung'udza za ana a masiku ano osadziwa kudikira. M'banja limenelo aliyense adali ndi chake chopaka. Ine ndinkangofuna chinthu chimodzi chopanda chopaka chilichonse.

Madzulo ake, amuna anga ali pakhonde kupukuta mpeni, ndidakhala pansi pafupi nawo. Sindidakweze mawu. Ndidawafunsa kuti kumgodi kuja, akafuna kuti mafuta achoke pachitsulo, achokeretu onse ndi osaoneka omwe, ankatani. Funso la ntchito yawo ankalikonda, choncho adayankha msanga. Adati palibe sopo amene angathe, koma moto. Zitsulo zikabuntha ankapita nazo kwa osula, ndipo zikatuluka m'ng'anjo zinkakhala zamaliseche, dontho likagwapo limangomwazika, mpaka uzipakenso. Atanena zimenezi adayang'ana mwana ali gone pamiyendo panga, mankhwala atauma pamutu. Adapinda kasanza kaja n'kukaika m'thumba.

Nkhani yoti mtsuko uotchedwenso itafika kwa apongozi, adakana poyamba. Iwo pa utsikana wawo adaumbako miphika, ndipo adati mtsuko umene wamwa madzi zaka ndi zaka ukaubwezera pamoto umaphulika. Ndidati ngakhale uphulike, amayi, mmene ulilimu ndi phale kale. Adavomera, koma adati uyambe wauma padzuwa mpaka mumtima mwake, ndipo ine ndisayandikire pamoto ngakhale pang'ono, poti mayi wapakati akaponda pamene akuotcha mbiya, mbiya zimasweka. Mwamuna nayenso saotcha mbiya, koma poti adaononga ndi iyeyo, atole ndowe ndi makungwa.

Ndiye taonani mmene zidakhalira. Mtsuko wanga, wochokera kwathu, woumba azakhali anga, udatsala m'manja mwa munthu amene adauononga ndi mayi amene ankakhulupirira kuti uphulika. Ine mwini wake adandiimika kutali ngati mlendo.

Masiku oumitsa aja ndi amene adanditalikira kuposa onse. Ndinkakhala ndi supuni ndi chipanda chija, kudontheza m'kamwa mwa mwana pang'onopang'ono, iye akukana, ine ndikunyengerera. Amuna anga ankautembenuza mtsuko padzuwa m'mawa ndi masana, mosamala ngati dzira. Mudzi wonse udawaona akuzungulira m'khola ndi dengu kutola ndowe zouma, munthu wobwera ku Joni, wovala nsapato. Alamu awo ankawafunsa ngati ndowezo nazonso azipaka mafuta.

Adauotcha m'mawa mphepo isanayambe, kuseri kwa khola. Ine ndidaima pafupi ndi nkhokwe, mwana ali kumbuyo, pamalo poti ndinkaona zonse koma mawu ndinkangomva apo ndi apo. Apongozi adayamba ndi kamoto kakang'ono m'kati mwa mtsuko kuti uzolowere, kenaka adaugoneka pamakungwa, adauunjikira ndowe mpaka udabisika, n'kuyatsa. Utsi woyamba udali wakuda, ndipo fungo la nsatsi lidafika mpaka pamene ndidaima. Ndidati mumtima, pita, usadzabwerenso. Moto utakolera ndidamva kuti the! Apongozi adatembenuka kundiyang'ana, kuona ngati ndasuntha phazi. Ndidali pomwe adandisiya.

Moto utayamba kugwa ndidaona chinthu chimene sindidachiganizire. Pambali pa apongozi padali mphika wa madzi ofiira, ndipo m'madzimo mudaviikidwa kamtolo ka masamba. Ndidawadziwa madziwo. Ndi a makungwa owiritsa, amene amawaza pamphika ukangotuluka pamoto uli wotentha, kuti ufiire bwino ndiponso kuti dongo litsekeke, msuzi usamatuluke. Pamphika wa ndiwo ndi nzeru yabwino. Koma apongozi moyo wawo wonse adaumba miphika yokha, ndipo kwa iwo chotuluka pamoto chilichonse chimawazidwa, monga mwana wobadwa amasambitsidwa. Tidapirira masiku onsewo kuchotsa chopaka cha mwana wawo kuti mayi ake apakepo chawo.

Kuyandikira sindikadatha. Kukuwira apongozi pabwalo, anthu akumva, mtengwa satero. Ndidatsokomola. Palibe adatembenuka. Apongozi adatenga mitengo iwiri, adaufukula mtsuko m'phulusa, adaugubuduzira pambali uli psuu, ndipo dzanja lawo lidapita kukamtolo kaja.

"Bambo," ndidaitana, mawu apakatikati.

Amuna anga adandiyang'ana. Ndidaloza mphika uja ndi mlomo. Adauyang'ana, adayang'ana mtsuko, ndipo ndidaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakumana ndi mnzake wa ntchito imodzi. Adanjuta pafupi ndi amayi awo.

"Amayi, uwu tisauwaze. Ukhale choncho."

"Ukhale wotuwa ngati wodwala? Mbiya yosawaza idaoneka kuti?"

"Mukauwaza utsekekanso. Ndi zomwe zija ndidachita ine."

"Iwe," adatero apongozi, masamba akudontha m'manja, "iwe wopaka ndi belu la tchalitchi lomwe, lero ukuletsa ine kupaka?"

Amuna anga adangonyamula mphika wa makungwa uja ndi manja awiri, mwaulemu ndithu, n'kukaukhuthula m'khola. Apongozi adaponya masamba pansi, nanena mawu ena a chingoni amene sindidawamve, ndipo ndikuganiza kuti zidali bwino kuti sindidawamve.

Utazizira adandibweretsera pankhokwe pomwepo. Udali wotuwa, wa mawangamawanga akuda, woipa kuposa kale. Kulira kuja kudali kwa mlomo, umene udabenthuka mbali imodzi, ndipo kuchokera pobenthukapo mng'alu udatsika khosi lonse mpaka paphewa. Ndidaugogoda ndi chala pamimba, udalira bwino. Ndidaviika chala m'chipanda n'kudontheza. Dontho silidaime. Lidalowa m'dongo nthawi yomweyo, padangotsala banga lakuda likukula. Amuna anga adaliyang'ana bangalo mwachisoni, ngati munthu woona munda wake utalowa ng'ombe.

Madzi oyamba ankanunkha utsi, ndidathirira mpiru. Achiwiri ankamveka dothi, ndidataya. Achitatu ndidawasiya agone. Kutacha ndidagwira mtsuko, udali wonyowa, ndipo mchenga wa pansi pake udadera. Ndidadikira mpaka dzuwa litafika pamutu, nthawi imene kale ankamenya mtsuko, ndipo ndidamukhazika mwana pamiyendo n'kumupatsa chikho. Adayamba wanunkhiza, poti adali ataphunzira kusakhulupirira. Adalawa. Kenaka adagwira chikho ndi manja onse awiri, ndipo ndidamva madzi akutsika kukhosi kwake, gudyu gudyu, ena akuyenderera pachibwano mpaka pamimba. Atamaliza adapuma mwamphamvu n'kuloza pangodya. Madzulo ake adadya phala, ndipo m'mawa mwake ndidasangalala kuchapa thewera kuposa mmene ndidasangalalira ndi nsalu za ku Joni.

Liwombo lidadzadza patapita masiku. Apongozi adauza mudzi wonse kuti mizu yawo siilephera. Amuna anga ankafotokozera amuna anzawo pabwalo za mphamvu ya moto pa mafuta, ngati nzeru yonse idachokera kumgodi. Ine sindidatsutse aliyense. Mwana ankayendanso, ankamenyanso mtsuko, ndipo zimenezo zidandikwanira.

Chidatsala ndi mng'alu uja. Mtsuko sunkadzadzanso mpaka kukhosi, ndinkalekeza paphewa, ndipo chifukwa cha ichi ndinkapita kuchitsime kawirikawiri kuposa kale, mimba ikukula, dzuwa lili lomwe lija. Ulendo umene amuna anga ankafuna kundichepetsera ndi umene adandionjezera. Iwo adaziona zimenezi, ndipo zinkawapweteka. Tsiku lina ndidawapeza atagwada pangodya, akuyendetsa chala pamng'alupo, nati phula la njuchi pang'ono chabe, lofunditsa bwino, likhoza kutseka apa pokha, osakhudza kwina konse.

Ndidati, "Bambo, khasu lija ndaliona ngati layamba kufiira kumsana."

Silidafiire ayi. Koma adadzuka msangamsanga kukaliona, ndipo posakhalitsa ndidamva mwala ukulira kuseri kwa nyumba. Ndidasuntha mtsuko, ndidauika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, mng'alu utayang'ana kukhoma. Ndisanamalize kusesa mchenga wotayika, adandiitana kuti ndidzaone dontho. Ndidatsamiritsa tsache pakhoma, ndidapita kukaona.